Titan idalira, eni ake adatseka makutu

Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Koma malipoti awiri amene boma la America lidatulutsa m'chaka cha 2025 akusonyeza kuti tsoka limene lidagwera sitima yoyenda pansi pa madzi ya Titan lidayamba kumveka kudakali miyezi 11 kuti lichitike, ndipo eni sitimayo adalimva ndi makutu awo.

Sitimayi, yomwe kukula kwake idali ngati minibasi, idaphwanyika pa 18 June 2023 m'nyanja ya Atlantic pamene inkapita kukaonetsa anthu zotsalira za chombo cha Titanic, chija chidamira m'chaka cha 1912 n'kupha anthu oposa 1,500.

Anthu onse asanu amene adali mu Titan adafera pomwepo. Iwo adali mkulu wa kampani ya OceanGate yomwe idapanga sitimayo, Stockton Rush. Katswiri wa za pansi pa nyanja wa ku France, Paul-Henri Nargeolet. Mpondamatiki wa ku Britain, Hamish Harding. Komanso Shahzada Dawood, wa m'banja lina lolemera la ku Pakistan, pamodzi ndi mwana wake Suleman, wa zaka 19 zokha.

Pa 5 August 2025, nthambi ya asilikali oyang'anira za panyanja ya US Coast Guard idatulutsa lipoti la masamba oposa 300 lomwe lidati ngoziyo ikadatha kupeweka. Mu October chaka chomwecho, bungwe lofufuza ngozi za maulendo m'dzikolo la National Transportation Safety Board, mwachidule NTSB, nalo lidatulutsa lake.

Malipoti onsewa akugwirizana pa mfundo imodzi: khoma la chipinda chimene munkakhala anthu lidali litayamba kale kuonongeka mkati, momwe diso silikadaona, ndipo kampaniyo idapitiriza kunyamula anthu popanda kuliunika.

Nkhaniyi idachitikira kutali ndipo idakhudza anthu a ndalama zawo, pakuti mpando umodzi unkagulidwa madola 250,000 a ku America. Komabe funso limene yadzutsa likukhudza aliyense amene amakwera ndege, boti kaya njinga yamoto: kodi munthu angadziwe bwanji kuti chinthu chatopa pamene kunja chikuoneka chatsopano?

Ulusi wolimba ngati chitsulo

Chipinda cha anthu mu Titan chidali ngati mgolo wogoneka, wotsekedwa mbali zonse ziwiri ndi zivindikiro za chitsulo cha titanium. Koma khoma la mgolowo, lochindikala masentimita pafupifupi 13, silidali lachitsulo ayi. Lidali la chinthu chotchedwa carbon fibre.

Carbon fibre ndi timaulusi takuda, topyapyala kwambiri moti pamafunika timaulusi pafupifupi khumi kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Amatipanga potentha ulusi wa mtundu wa pulasitiki pa moto wopitirira madigiri 1,000 m'malo mopanda mpweya umene anthu amapuma.

Patokha timaulusiti timapindika ngati ulusi wa telala. Kuti tiume, amisiri amatiyala mosanjikiza, mzere pamwamba pa mzere unzake, n'kutinyika m'guluu wamphamvu, kenako n'kuotcha zonse mu uvuni. Chimene chimatuluka chimakhala cholimba ngati chitsulo, chopepuka kwambiri komanso chosachita dzimbiri. Kalipentala amene adagwirako pulayiwudi sangavutike kumvetsa: mphamvu ya thabwa lotere imagona pa kumatana kwa zigawo zake, ndipo zigawozo zikangomatuka, thabwalo latha.

N'chifukwa chake opanga ndege, galimoto za mpikisano, njinga za mpikisano ndi miyendo yoikirira amachikonda. Pafupifupi theka la kulemera kwa thupi ndi mapiko a ndege za Boeing 787 ndi Airbus A350 ndi zinthu za mtundu umenewu.

Komatu ulusi uli ndi khalidwe lake. Chingwe chimalimba pochikoka. Ng'ombe amaimanga ndi chingwe, koma palibe amene angachirikize denga ndi chingwe. Mu ndege, mpweya wa mkati umakankhira khoma kunja, zomwe zimakoka timaulusi tija, ndipo imeneyo ndiye ntchito yake. Pansi pa nyanja zinthu zimatembenuka: madzi amafinya khoma kuchokera kunja, ndipo zambiri zimadalira guluu kuti agwire timaulusi tisakhote.

Kufinyako si kwa masewera. Titanic idagona pamalo akuya mamita pafupifupi 3,800, makilomita 600 kuchokera ku gombe la Newfoundland ku Canada. Kuya kumeneku n'koposa kasanu malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi, omwe ndi mamita pafupifupi 700. Pamalo otere, kadera ka khoma kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono kamasenza makilogalamu pafupifupi 390, ngati matumba asanu ndi atatu a chimanga.

Ichi n'chifukwa chake sitima zina zonyamula anthu kukuya kotere, monga Alvin ya ku America yomwe idafika pa Titanic m'chaka cha 1986, zili ndi chipinda chobulungira ngati mpira, chopangidwa ndi titanium kapena chitsulo china cholimba. Rush adasankha mgolo wa carbon fibre kuti sitima ikhale yopepuka komanso yokwana anthu asanu.

Chinthu chimatopa bwanji?

Mwana aliyense amene adapangapo galimoto ya mawaya amadziwa kuti waya wolimba saduka pomukoka, koma amaduka akamupinda uku ndi uku kangapo. Kupinda kumodzi sikuoneka kuti kwachita kanthu, koma kulikonse kumasiya kabala kakang'ono mpaka tsiku lina waya amangoti phwa. Mainjiniya amati chitsulo chatopa.

Dziko lidaphunzira za kutopaku ndi misozi. Ndege ya Comet ya ku Britain, yoyamba ya jeti kunyamula anthu, idayamba maulendo ake m'chaka cha 1952 pakati pa London ndi Johannesburg, ndipo inkatera ku Livingstone, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. M'chaka cha 1954 ndege ziwiri za mtunduwu zidasweka zili m'mwamba pafupi ndi Italy, ina mu January ina mu April.

Ofufuza a ku Farnborough adamiza thupi la ndege ina ya Comet m'thanki lalikulu, n'kumalipopera madzi ndi kuwachotsa mobwerezabwereza, kutsanzira kukwera ndi kutsika kwa ndege. Patangotha maulendo pafupifupi 3,000, kuphatikizapo amene ndegeyo idauluka kale, thupilo lidang'ambika kuyambira pakona ya chiboo china cha m'mbali mwake. Kuchokera pamenepo, kuyesa kutopa kwa ndege kudasanduka lamulo.

Chitsulo chili ndi ubwino umodzi: kawirikawiri chimaulula matenda ake. Mng'alu umayambira pamwamba, pakona kapena pabowo la bawuti, n'kumakula pang'onopang'ono. Mmisiri akhoza kuuona, kuuyeza kutalika, n'kuwerengera kuti kwatsala maulendo angati zinthu zisadafike poipa.

Carbon fibre ndi wachinsinsi. Iye akamatopa, timing'alu tambirimbiri timayamba m'guluu, mkati mwa khoma. Kenako timaulusi timayamba kusiyana ndi guluu, zigawo zosanjikizana zija zimamatuka, zimene akatswiri amati delamination, ndipo pomaliza timaulusi timaduka. Zonsezi zikhoza kuchitika pamwamba pali posalala, penti ikunyezimira. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Ngakhale sipanala yogwa m'manja mwa makaniko ikhoza kusiya kachizindikiro kosaoneka bwino pamwamba, koma mkati zigawo zitamatuka pamalo aakulu. Komanso carbon fibre sapindika kaye ngati chitsulo kuti apereke chenjezo. Akafika pamapeto amangosweka kamodzi n'kamodzi.

Njira zoonera zobisika

Vutoli si lachilendo kwa mainjiniya, ndipo njira zofufuzira mkati mwa khoma popanda kuliswa zilipo.

Yakale kwambiri amaidziwa mayi aliyense amene adagulapo mphika wadothi pamsika. Asadapereke ndalama amaugogoda ndi chala: wabwino umalira momveka, wamng'alu umalira mogontha. Amakaniko a ndege amachitanso chimodzimodzi ndi kandalama kachitsulo kapena kahamala kakang'ono. Pamene zigawo zamatuka, kaliridwe kamasintha. Njirayi ndi yotchipa, koma imathandiza pa khoma lopyapyala lokha ndipo imadalira khutu la wogogodayo.

Njira imene imadaliridwa kwambiri ndi yofanana ndi sikani imene amayi oyembekezera amapangidwa kuchipatala. Kachipangizo kamatumiza phokoso losamveka ndi khutu la munthu, lotchedwa ultrasound, kulowa m'khoma. Khoma likakhala labwino, phokosolo limakafika kuseri n'kubwerera. Likakumana ndi mpata panjira, limabwerera msanga, ndipo kompyuta imajambula mapu osonyeza malo, kukula ndi kuya kwa balalo. Kuvuta kwake n'kwakuti khoma likachindikala kwambiri, kapena likakhala ndi timabowo ta mpweya tambiri, phokosolo limafooka lisadafike pakati.

Ena amagwiritsa ntchito kutentha. Amaunikira khoma ndi nyale yamphamvu kwa kanthawi kochepa, n'kumaliyang'ana ndi kamera yoona kutentha. Pamene pali mpata mkati, kutentha kumachedwa kulowa, ndipo malowo amaoneka osiyana ndi anzake. Njirayi imafufuza malo aakulu mwachangu koma siona patali mkati. Palinso X-ray ya mtundu wa CT, yomwe imaonetsa zonse bwino lomwe, koma ndi yodula ndipo chinthucho chimayenera kukwana m'makina.

Njira yomaliza ndi yomvetsera. Kaulusi kakamaduka kapena guluu akamang'ambika pamamveka kaphokoso, ngati kulira kwa nsungwi ikamathyoka. Timakina tomatidwa pakhoma timamva phokosolo n'kuliwerenga, pamene tina timayeza mmene khoma likufinyikira. Akatswiri amadziwa kuti khoma labwino limalira kwambiri pa ulendo woyamba, kenako limakhala phee bola katundu asapose wa poyamba. Likayamba kulira katundu adakali wochepa, ndiye kuti mkati mwaonongeka.

Njira iliyonse ili ndi malire ake, ndipo a zandege adalionanso zimenezi. Pa 6 March 2005, ndege ya Airbus A310 ya kampani ya Air Transat idataya chiongolero cha kumchira itangonyamuka ku Varadero ku Cuba. Mwamwayi idabwerera n'kutera popanda womwalira. Ofufuza a ku Canada adapeza kuti mwina chiongolerocho chidali chitayamba kale kumatuka mkati, ndipo ndondomeko yoyendera ndege ya nthawiyo sidali yokwanira kupeza mabala onse otere. Zitatero, malamulo ofufuzira zionglero za mtunduwo adakhwimitsidwa.

Phunziro lake n'lakuti njira imodzi siyokwanira. Kumvetsera kumangouza munthu kuti china chake chachitika. Kuti adziwe chimene chachitika, ayenera kuimitsa ntchito, kumasula ndi kuunika. OceanGate idaika chikhulupiriro chake chonse pa kumvetsera.

Machenjezo adayamba kale

Woyamba kudandaula adali wa m'nyumba momwemo. Mu January 2018, David Lochridge, yemwe adali mkulu woona za ntchito za panyanja pakampaniyo, adalemba lipoti lonena kuti waona zolakwika pa khoma la Titan. Iye adapempha kuti khomalo liunikidwe ndi makina anthu asadakwere.

Malinga ndi zikalata zimene adapereka kukhoti, akuluakulu a kampaniyo adamuyankha kuti palibe makina amene angaunike khoma lochindikala chotero, ndipo timakina tomvetsera n'tokwanira. Lochridge adatsutsa ponena kuti timakinato tikhoza kuchenjeza kutangotsala kamphindi kosakwana sekondi kuti sitima iphwanyike. Adamuchotsa ntchito mwezi womwewo, kenako kampaniyo idamusumira. Dandaulo lake ku nthambi ya boma yoona za chitetezo cha ogwira ntchito silidapite patali.

Mu March chaka chomwecho, akatswiri ena a m'bungwe la Marine Technology Society adalemba kalata yochenjeza kuti njira yoyeserera imene kampaniyo inkatsata ikhoza kubweretsa ngozi yoopsa. Rush adamva uthengawo koma sadasinthe maganizo.

Mu April 2019, katswiri wina wa sitima zotere, Karl Stanley, adakwera Titan poiyesa ku Bahamas ndipo adamva kulira kwa khoma pamene ankatsika. Atatuluka adalembera Rush kumuuza kuti phokosolo likusonyeza kuti pali malo amene akusweka. Pasadapite nthawi, m'chaka chomwecho, mng'alu waukulu udapezekadi ndipo khoma loyambalo lidasiyidwa.

Apa munthu akadaganiza kuti kampaniyo yaphunzirapo. Khoma lachiwiri lidapangidwa pakati pa 2020 ndi 2021, ulendo uno m'zigawo zisanu zomatidwa ndi guluu. Ofufuza a NTSB ataunika zidutswa zimene zidavuulidwa pansi pa nyanja, komanso zodula zimene zidatsala popanga khomalo, adapezamo makwinya, timabowo ta mpweya ndi malo amene guluu sadagwire bwino. Lipoti lawo likuti kampaniyo sidayese khomalo mokwanira, choncho sinkadziwa mphamvu yake yeniyeni kapena kuchuluka kwa maulendo amene likadapirira.

Ngakhale zidali choncho, Titan idafika pa Titanic maulendo 13 m'zaka za 2021 ndi 2022. Kwa eni ake, ulendo uliwonse wobwerera bwino udali umboni wakuti otsutsa aja adalakwa. Kwa munthu wodziwa za kutopa kwa zinthu, ulendo uliwonse udali kupinda kwina kwa waya uja.

Kulira kwa pa 15 July

Chenjezo lalikulu lidabwera pa 15 July 2022, pa ulendo wa nambala 80. Titan itangokwera kuchokera pansi n'kuyandikira pamwamba pa madzi, padamveka kuphulika kwakukulu komwe kudadzidzimutsa amene adali mkati.

Timakina tomvetsera tidajambula phokosolo. Timakina toyeza kufinyika kwa khoma natonso tidasonyeza kusintha kwadzidzidzi nthawi yomweyo, ndipo pa maulendo otsatira khomalo silinkafinyikanso monga kale. Kunena mwachidule, njira yomvetsera ija idagwira ntchito yake. Idachenjeza, osati kutatsala sekondi, koma kudakali pafupifupi chaka.

Rush adauza anthu kuti mwina mgolo udangosuntha m'chitsulo chimene udakhalamo. Patangopita masiku ochepa Titan idatsikanso. NTSB ikuti kuphulikako mwina kudali kumatuka kwa zigawo za khoma, ndipo sitimayo inkayenera kusiya ntchito pomwepo. Lipotilo likuti kampaniyo sinkadziwa kutanthauzira bwino zimene timakina take tinkanena. Ofufuza adapezanso kuti tina mwa timakina tomvetserato sitinkagwira ntchito.

Pa msonkhano wa mboni umene US Coast Guard idachititsa mu September 2024 ku South Carolina, yemwe adali mkulu wa mainjiniya nthawiyo, Phil Brooks, adati iye ndi anzake ankafuna kuti sitimayo ibwerere ku likulu la kampani ku Everett kuti akaimasule n'kufufuza ming'alu. Izi sizidachitike, ndipo iye adati vuto lidali ndalama.

M'malo mwake Titan idasiyidwa panja kwa miyezi ingapo mumzinda wa St John's ku Canada, kuphatikizapo nyengo yozizira pamene madzi amaundana. Madzi akalowa m'timing'alu n'kuuma amafufuma, monga botolo lodzaza limaphulikira mufiriji. M'chaka cha 2023 sitimayo sidanyamulidwenso pamwamba pa chombo ngati kale, koma inkakokedwa kumbuyo kwa chombo cha Polar Prince, ikumenyedwa ndi mafunde.

Ulendo wa pa 18 June 2023 udali wa nambala 88, ndipo udali woyamba chaka chimenecho kutsika mozama. Patatha nthawi yopitirira ola limodzi ndi theka, pa mamita opitirira 3,300, Titan idatumiza uthenga wakuti yataya zitsulo ziwiri zolemetsa, zomwe zimachitika pochepetsa liwiro poyandikira pansi. Patangopita masekondi ochepa kulumikizana kudaduka.

Kwa masiku anayi dziko lonse lidali tcheru, mawailesi akuwerenga maola a mpweya wopuma umene unkaganiziridwa kuti watsala. Pa 22 June zidutswa za sitimayo zidapezeka mamita pafupifupi 500 kuchokera kutsogolo kwa Titanic. Anthu aja adali atamwalira kale tsiku loyamba lomwelo, m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Pa zidutswa zina ofufuza adapeza zizindikiro zakuti zigawo za khoma zidakhala zikukhulana ngoziyo isadachitike.

Nanga oyang'anira adali kuti?

Minibasi ya m'dziko muno imayenera kukhala ndi satifiketi ya COF yotsimikiza kuti ili bwino, ndipo amene amaiyendera si mwini wake. Nazonso sitima zapamadzi zili ndi mabungwe oima paokha, monga DNV, Lloyd's Register ndi American Bureau of Shipping, amene amaunika mapulani, kuonerera kapangidwe ndi kuyendera sitima nthawi ndi nthawi.

Titan idalibe chiphaso cha bungwe lililonse lotere. M'chaka cha 2019 kampaniyo idalemba poyera kuti kudikira mabungwewa kumachedwetsa luso latsopano. Sitimayo sidalembetsedwe m'kaundula wa dziko lililonse ndipo inkagwira ntchito pakati pa nyanja, kunja kwa malire a mayiko. Anthu olipira ndalama sankatchedwa apaulendo, koma akatswiri othandiza pa kafukufuku, zomwe US Coast Guard ikuti idali njira yozembera malamulo. Asadakwere ankasainira chikalata chovomereza kuti akhoza kufa.

Zotsatira zake n'zakuti munthu mmodzi ndiye adali mwini malonda, wolamula mainjiniya, woyendetsa sitima komanso woweruza ngati sitimayo ili bwino. Lipoti la US Coast Guard likuti ogwira ntchito ankaopsezedwa kapena kuchotsedwa akadandaula za chitetezo, ndipo likuti Rush akadakhala moyo, nkhani yake ikadatumizidwa ku unduna wa zachilungamo kuti ufufuze ngati padali mlandu.

Ena anganene kuti anthu akuluakulu amene asainira okha ali ndi ufulu woika moyo wawo pachiswe, ndipo kuti luso silipita patsogolo popanda olimba mtima. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Koma kuvomereza kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati wovomerezayo wauzidwa zonse. Munthu amene wasainira kuopsa kwa nyanja sadasainire khoma limene lidalira kale osaunikidwa.

Kusiyana kwake ndi zandege n'koonekeratu. Kampani ya Boeing idaika thupi lathunthu la ndege ya 787 pamakina olipinda ndi kulifufumitsa kuyambira 2010 mpaka 2015, kutsanzira maulendo oposa 160,000, pamene ndegeyo idapangidwira maulendo 44,000. Izi sizikutanthauza kuti kumeneko kulibe zolakwika. Pakati pa 2021 ndi 2022 Boeing idakhala nthawi yoposa chaka osapereka ndege za 787 kwa ogula chifukwa cha mipata yosayenera polumikizira zigawo za thupi lake, ndipo idayambiranso bungwe la boma loyang'anira zandege la FAA litavomereza. Kusiyana kwagona pamenepo: kudali wina wa kunja wokhala ndi mphamvu yonena kuti imani kaye.

Zikuwakhudza bwanji Amalawi?

Amalawi amene amapita kunja kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi amakwera kale ndege za carbon fibre. Ethiopian Airlines idali kampani yoyamba mu Africa kulandira Boeing 787 m'chaka cha 2012 komanso Airbus A350 m'chaka cha 2016, ndipo Kenya Airways nayo ili ndi ndege za 787. Nkhani ya Titan si chifukwa choti aziope ndegezi, pakuti izo zimagwiritsa ntchito ulusiwu pa ntchito imene udayesedwa kwa zaka zambiri, ndipo zimaunikidwa motsata lamulo.

Pofunika kusamala ndi pafupi, pamene palibe woyendera. Maboti a faiba a kunyanja amapangidwa ndi ulusi wagalasi m'malo mwa carbon fibre, koma matenda ake ndi omwewo. Boti limene lagunda mwala likhoza kuoneka bwino litapakidwa penti pamene zigawo zake zamatuka ndipo madzi akulowa pakati. Kugogoda ndi kandalama kuzungulira pamene lidagunda, komanso kufufuza malo amene afewa kapena atupa, kukhoza kuulula zambiri.

Chipewa cha njinga yamoto nacho chimabisa mabala. Opanga zipewazi amalangiza kuti chimene chamenyedwa mwamphamvu pa ngozi chitayidwe ngakhale kunja chikuoneka chabwino, chifukwa chofewa cha mkati chimene chimateteza mutu chikafinyika kamodzi sichibwereranso. Wa kabaza wogula chipewa cha kaunjika sangadziwe kuti chidaonapo zotani. Chimodzimodzi njinga zopepuka za carbon fibre zimene zimabwera zitagwirapo kale ntchito kunja: ikayamba kulira mwachilendo kapena ikaoneka kamng'alu pa penti, si yoikwera mpaka wodziwa ataiona.

OceanGate idaimitsa ntchito zake zonse mu July 2023. Mu August 2024 banja la Nargeolet lidasumira kampaniyo ndi ena, kufuna chipepeso cha madola oposa 50 miliyoni. US Coast Guard yapempha kuti malamulo a sitima za mtundu watsopano akhwimitsidwe, kuti bungwe la zapanyanja la United Nations lotchedwa International Maritime Organization liikepo malamulo omanga mayiko onse, komanso kuti madandaulo a ogwira ntchito ngati Lochridge azitsatidwa msanga.

Makina ofufuzira kutopa kobisika akunka napita patsogolo. Koma pa Titan sipadasowe makina, ndipo sipadasowe ochenjeza. Khoma lidalira pa 15 July 2022, kompyuta idalemba, mainjiniya adapempha kuti liunikidwe. Chimene chidasowa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yoletsa ulendo wotsatira.